Timizere Tiwiri pa Foni Yosweka

Mpaka lero, foni ikalira ndili pagulu, dzanja langa limafika m'thumba mutu usanaganize. Anzanga a pamsika pa Mitundu amandiseka, amati ndimalumpha ngati ndaponda khala lamoto. Ndimangoseka nawo, nanga nditani. Sadziwa kuti kumene ndinali, ku dziko lina la Aluya komwe ndinkagwira ntchito yapakhomo, kulira kwa foni kukanatha kundidulira kanjira kokhako kamene ndinali nako kolankhulira ndi kwathu.

Ntchitoyo inabwera ndi mayi wina wa ku Lilongwe, ajenti, wonunkhira bwino, wa mano oyera. Bambo a mwana wanga Tamanda anali atapita kwa mkazi wina, fodya wa amayi anali atatikhumudwitsa chaka chimenecho, ndipo ine ndinali nditatopa ndi kugulitsa mandasi kwa anthu ongofuna kulawa. Ndinavomera msanga. Mantha anabwera pambuyo, pasipoti itatuluka.

Foni imene ndinali nayo inali ya achimwene anga a ku Joni. Anandisiyira chifukwa galasi lake linali long'ambika, ndipo pakona yakumwamba panali banga lakuda ngati padatayikira inki. Ndinapita nayo kwa a Juma, okonza mafoni pafupi ndi pokwerera minibasi, kuti andisinthire galasilo ndisakachite manyazi kwa eni.

“Mukupita kuti, mayi a Tamanda, kokonzekera chonchi?”

Nditawauza, anaika kasikuludilaiva pansi. A Juma ndi Msilamu, banja lawo lili ndi magolosale pa Mitundu kuyambira kale, ndipo iwo amayenda maiko amenewo kukaoda katundu.

“Kumeneko kuli anthu abwino ambiri, ine ndadya nawo,” anatero. “Koma nyumba simusankha ndinu. Mwana wa mlongo wanga anapita ngati inuyo. Atafika anamulanda pasipoti, kenako simukhadi. Tinakhala osamumva mpaka mayi ake anadwala nazo. Galasi lisiyeni, silikuluma munthu. Bweretsani ndione kanthu kena.”

Anafufuza m'kati mwa foniyo kwa kanthawi, kenako anamwetulira.

“Yoipa nkhope, koma ili ndi nzeru. Iyi imalola simu yosaoneka.”

Ndinaganiza kuti akundiseka. Anandifotokozera kuti ilipo simu yopanda kakhadi, yongolembedwa m'kati mwa foni, imene anthu apaulendo amagula asananyamuke kuti akafika kunja asavutike ndi intaneti. Ilibe nambala yoti munthu n'kuimbira monga timachitira kuno, koma mauthenga a pa intaneti amadutsa. Analumikiza foni yanga ku wayifayi ya m'shopu, ndipo pakompyuta yawo panatuluka kabokosi ka timadontho takuda, ngati nyerere zaunjikana pa shuga.

“Lozetsani kamera pamenepo. Dzanja lisanjenjemere. Kachithunzi aka kamagwira ntchito kamodzi kokha, ndiye pempherani magetsi asazime tili pakati.”

Kanthu kozungulira kanayamba kuzungulira pagalasi. Ine thukuta kamukamu, maso pa babu la m'shopumo. Katasiya kuzungulira, a Juma anati zatheka.

“Ili kuti nanga?” ndinafunsa. “Ndipatseni ndiimange pansonga ya chitenje.”

Anaseka mpaka kutsokomola. “Mukanatha kuimanga pachitenje, nawonso akanatha kuimasula. Iyi palibe chala chingaitulutse. Koma dziwani, iyo ndi foniyi ndi thupi limodzi. Foni ikatayika, yapita. Wina akaifufuta zonse, yapita.”

Anailemba dzina loti Alamu kuti wofufuza asaidziwe msanga. Anatseka zoti mauthenga azionekera pagalasi foni ikakhala yokiya. Ndiye anandiphunzitsa poyatsira ndi pozimitsira, n'kumandibwereza ngati mwana wa sitandade wani mpaka chala chinadziwa chokha njira ndili chitsinzinire. Kuno kumudzi ndisaiyatse. Ndikafika, ndiziyatsa pang'ono, ndili ndekha, n'kuzimitsa. Makanema ayi, amamaliza bandulo. Bandulo ikatha azithira iwo ali pa Mitundu pomwepo.

Mng'ono wanga Dorofe, amene ankatsala ndi amayi ndi Tamanda, anamuitanitsa naye. Anamuonetsa kamzere kochonga kamene kamaoneka pansi pa uthenga, konga ka aphunzitsi mu kope.

“Kakakhala kamodzi, uthenga sunafike. Tikakhala tiwiri, achemwali ako ayatsa foni, ali moyo, ngakhale asayankhe. Koma kuimba ayi. Kuflashanso ayi, wamva? Ndikudziwa Amalawi, mukamukonda munthu mumamulizira foni kamodzi n'kudula. Kumeneko zimenezo zingamupweteketse.”

Amayi atamva za simu yosaoneka anandiyang'ana nthawi yaitali. “Zimenezo si zamasalamusi, mwanangu?” Komabe tsiku lonyamuka anaigwira foniyo ndi manja awiri n'kuipempherera pamodzi ndi ine.

Zonse zinayenda monga a Juma ananenera, mpaka ndinachita nazo mantha mawu awo. Pasipoti inatsala mu ofesi ya ajenti a kumeneko. Mayi wa nyumba imene anandipititsa, amene ndinkangomutcha Madamu, ananditengera kukhitchini n'kutambasula dzanja. Anazula kaphini pa mpango wake, anatulutsa simukhadi yanga ya ku Malawi, n'kuidula pakati ndi sizasi ine ndikuona. Foniyo anaitembenuza, anaona galasi long'ambika, anakwinya mphuno n'kundibwezera. Ndi manja ndi Chingerezi chake chochepa anandiuza kuti ikhale wotchi yondidzutsa m'mawa.

Nyumbayo inali yaikulu ngati chipatala, ndipo wantchito ndinali ndekha. Mankhwala otsukira anandisenda manja. Geti linkakhala lokiya, mawindo anali ndi zitsulo, ndipo mumsewu sindinkamva ngakhale tambala kapena mwana akulira. Sankandimenya, bodza sindinena, koma Madamu ankayenda mopanda phokoso, umangozindikira ali kumbuyo kwako. Kwa nthawi yaitali simu ija sindinaiyatse. Ndinkaopa kuti aigwira. Ndinkaopanso china choposa pamenepo: kuti ndiyatsa n'kupeza mulibe kanthu, kuti a Juma anangondisangalatsa.

Malo okhawo amene ndinkakhala ndekha anali padenga. Madenga a kumeneko ndi asimenti, afulati, ndipo ndi pomwe amayanika zovala. Masana dzuwa lake limawotcha mapazi kudutsa patapata, choncho eni nyumba sakwerako. Tsiku lina ndinabisala kuseri kwa shiti yonyowa, ndinatulutsa foni, chala chinayenda njira yake. Poyamba zii. Kenako foni inanjenjemera m'dzanja, n'kunjenjemeranso, mauthenga a Dorofe akulowa motsatizana.

Woyamba unali wa mawu. Ndinauika kukhutu. Anali amayi.

“Iwe, ukundimva? Dorofe, kodi chikujambula chimenechi?”

Basi, unathera pomwepo. Ndinakhala pansi pa simenti yotenthayo osamva n'kutentha komwe. Kuyambira tsiku limenelo amayi anazolowera kujambula mawu. Ankandiuza za mbuzi, za mvula, za dzino la Tamanda, za malata amene anagula ndi zomwe ndinkatumiza, za anthu amene akwatirana mosayenera. Ine ndinkayankha monong'ona, diso kumasitepe.

Denga lathu ndi la nyumba yoyandikana nayo ankalekanitsidwa ndi khoma lalitali kuposa munthu, la zidina zamabowo. Tsiku lina ndikuyanika ndinamva kuseri wina akuti, “Mayo ine, chala changa!” Ndinaima ndi malaya m'manja.

“Ndani ameneyo?” ndinafunsa chapansipansi.

Kenako diso linaoneka pabowo.

“Mwalankhula Chichewa?”

“Eya. Kwanu n'kuti?”

“Ku Nathenje.”

“Ine wa ku Mitundu.”

Tinaseka ngati amisala, aliyense atatseka pakamwa ndi dzanja. Dzina lake anali Linesi. Nkhope yake yonse sindinaionepo nthawi imodzi. Ndinkaona diso pabowo ili, pakamwa pabowo linalo. Nyumba yake inali yoipa kuposa yanga. Ankamumana chakudya akalakwa, ndipo tsiku lina anandionetsa mkono wokhala ndi chipsera cha simbi. Ndinkamubisira buledi ndi zipatso za kanjedza m'basiketi ya zovala n'kumamupatsira pabowo. Nayenso anali ndi kafoni kakang'ono kamabatani kamene anamuchotsera simu tsiku lofika, ndipo kwawo anali asanamve mawu ake chichokereni.

Za simu yanga sindinamuuze msanga. Ndinkaopa kuti akadzamupanikiza angadzanene, poti munthu akamva ululu amanena zilizonse. Koma tsiku lina anandifunsa ngati ndikuganiza kuti mayi ake akadali moyo, ndipo sindinathenso kupirira. Ndinayandikitsa foni pabowo.

“Lankhula. Uwauze kuti uli moyo.”

“Iwe usandiseweretse. Foni yopanda simu?”

“Lankhula msanga, mnzanga, nthawi palibe.”

Dorofe anakwera minibasi mpaka m'tauni, n'kukweranso ina ya ku Dedza, kutsika pa Nathenje. Anafunsafunsa za a Nambewe, mayi ake a Linesi, ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Anandiuza pambuyo pake kuti mayiwo atamva mawu a mwana wawo anagwa pansi, tomato mbwee mumsewu. Achibale anali atayamba kale kukambirana zoti angolira maliro opanda mtembo.

Tsiku limene ndinaona imfa ndi maso linayamba bwinobwino. Ndinali padenga, foni yoyatsa, pamene Madamu anaitana dzina langa ali kale pamasitepe. Ndinaiponya m'thumba la epuloni osazimitsa. Kunali kutabwera alendo, amayi okhaokha, ndipo anafuna tiyi. Ndikuwerama ndi thireyi pakati pawo, foni inalira m'thumba mwanga. Inalira kamodzi, n'kudula.

Makapu anagundana pathireyi. Onse anasiya kulankhula. Madamu anatambasula dzanja monga tsiku loyamba lija.

“Alamu, Madamu,” ndinatero, koma mawu anatuluka ngati a munthu wina.

Anaipereka kwa mwana wake wamkazi wokwatiwa, wodziwa za mafoni. Iye anavula ndolo, anabaya pakabowo, kathireyi ka simu kanatuluka kopanda kanthu. Anakaonetsa kwa mayi ake. Mwanayo anayang'ana pagalasi, ndipo ine ndinadziwa kuti timizere ta netiweki tili pamenepo, pakona yakumwamba. Koma pakona imeneyo m'pamene panali banga lakuda lija, limene ndinkafuna kulichotsa kwa a Juma. Ananena kanthu m'chinenero chawo, alendo anaseka. Ine ndinkangoyembekezera kuti ilirenso ili m'manja mwake, nkhope ya Dorofe ionekere. Sinalirenso.

Madamu sanandibwezere. Anaitsekera m'dirowa ya pabalaza, ili chiyakire. Masiku amenewo sindinadye. Sindinaganizepo kuti munthu angapemphere kuti batire la foni yake lithe msanga, koma ine ndinapemphera. Inabwerera m'manja mwanga itazima, nditachedwa kudzuka m'mawa wina, Madamu ataona kuti wotchi ndi yofunikadi.

Nditaitchaja ndinamukalipira Dorofe koopsa. Anati si iye. Anali kudimba, foni anasiya m'nyumba, amayi n'kuitenga. Yankho lawo linabwera ali kuseka.

“Nanga munthu osamuflasha mwana wake? Ndinadula msanga, sizinadye kanthu. Ndimangofuna udziwe kuti ndimakuganizira.”

Linesi atamva nkhaniyi anaseka mpaka misozi pabowo paja. “Amalawi ndi kuflasha! Kuno ndani angamve zimenezo? Awa akaimba amaimba mpaka uyankhe.”

Nyengo ya dzinja kwathu itafika, mauthenga anga kwa Dorofe anayamba kukhala ndi kamzere kamodzi. Ndinayatsa tsiku lina, kamodzi. Tsiku linanso, kamodzi. Apo m'pamene ndinadziwa zimene ndinkawachititsa anthu kumudzi ndikakhala osayatsa. Ndinalembera a Juma. Yankho lawo linayamba ndi mawu oti pepani, ndipo sindinafunikenso kuwerenga zotsatira. Amayi anadwala chibayo, anamwalira kuchipatala, ndipo anali ataikidwa kale. Foni ya Dorofe inasowa m'chipwirikiti cha pamaliro.

Kulira mokweza kunali kosatheka. Ndinaluma shiti yonyowa. Linesi analowetsa zala pabowo n'kugwira zanga, ndipo analira nane chapansipansi monga amachitira amayi akamalowa pasiwa, kutchula mayi amene sanawaonepo. Maliro a amayi anga kwa ine anali amenewo. Pambuyo pake tinabwerera aliyense kukayanika zovala za eni.

Kuchokera pamenepo foni ija inasanduka chinthu china. Mawu onse a amayi anali mmenemo, ndipo poti ya Dorofe inasowa, kwina kulikonse kunalibe. Kuwamvetsera sikunkafuna bandulo. Ndinkasankha: lero za mbuzi, mawa za malata. Ndinkaganiza zowatumiza kwa a Juma kuti asungike, koma bandulo inali yochepa nthawi zonse, ndipo tinkagawana ndi Linesi. Ndinkati ndidzafika nawo ndekha kumudzi, Tamanda adzamve agogo ake.

Nthawi ya mgwirizano wanga inakwana n'kupitirira, palibe ankanena kanthu. Ya Linesi inali itadutsa kalekale, ndipo mabwana ake ankati sapita. Ndinafunsa a Juma ngati simu yanga ingasamukire m'kafoni kake ine ndikadzachoka. Anati ayi, kamabatani sikangainyamule.

Ndiye m'mawa wina ndinapeza mtsikana wachilendo kukhitchini, chikwama chake chili pambali. Madamu anandiloza, n'kuloza kugeti. Lero. Galimoto inali ikudikira kale. Ndinati ndikaanule zovala zanga padenga, ndipo anandilola.

Ndinagogoda khoma ndi kapegi monga tinkachitira. Mwamwayi Linesi analiko.

“Ndikupita, mnzanga. Pompano.”

Diso lake linakhala pabowo osaphethira. Kenako linachoka, ndipo pabowo panatuluka zala zitagwira ndolo.

“Ndisiyire simu.”

Ankadziwa, nanenso ndinkadziwa. Koma kwathu simu timabwerekana ngati mchere, ndipo dzanja langa linalandira ndoloyo lokha, linabaya pakabowo. Kathireyi kanatuluka kopanda kanthu monga masiku onse. Tinakayang'ana tonse awiri.

“Iyayi, pita,” anatero. “Ukawauze amayi kuti unandisiya ndili bwino.”

Ndinayang'ana foniyo. Ndikanapita nayo, Linesi akanabwerera kukhala munthu amene kwawo akukambirana zomulira. Ndikanaisiya, ndikanasiya amayi anga padenga la eni. Ndinachita mantha ndi zonse ziwiri, ndipo pansi galimoto inaliza hutala. Ndinayatsa simu, ndinasankha mawu onse a amayi, ndinadina kuti apite kwa a Juma. Kanthu kaja kanayamba kuzungulira pang'onopang'ono. Ndinavula sokosi, ndinaikamo foni ndi chaja, ndinamanga kukamwa.

“Wakha! Zikamaliza kupita uzimitse. Poyatsira wakhala ukuona. Nambala yotsegulira ndi chaka chobadwa Tamanda. Osaiika m'thumba ili yoyaka, wamva?”

Ndinaiponya pamwamba pa khoma. Sindinamve ikugwa pansi, ndiye kuti anaiwakha. Koma nthawi yomweyo kuseriko kunamveka mawu a mwamuna akuitana dzina lake mwaukali, pafupi kwambiri. Mapazi anathamanga. Ndinaika diso pabowo, ndinangoona zovala pachingwe.

M'ndege monse ndinkangoona sokosi ija. Kodi anaibisa? Kodi anaigwira ali nayo m'manja? Ngati anaigwira, ndiye kuti ndamuponyera mnzanga tsoka ndi dzanja langa.

Kumudzi ndinapeza nyumba yamalata, ndi manda a amayi atamera kale udzu. Tamanda anabisala kuseri kwa Dorofe n'kumufunsa kuti, “Amayi, awa ndani?” Achibale ena anabwera kudzaona chikwama, ndipo ataona kuchepa kwake anatsanzika msanga. Panalibe amene anamvetsa kuti munthu angachoke kunja wopanda ngakhale foni. Azakhali anga anati mwina ndinagulitsa.

M'mawa mwake ndinali pakhomo pa shopu ya a Juma asanatsegule. Nditawafotokozera, anatulutsa foni yawo.

“Wafika umodzi wokha. Ena onse anaima panjira. Zikuoneka kuti anazimitsa mofulumira.”

Anadina. Unali waufupi kuposa onse, woyamba uja.

“Iwe, ukundimva? Dorofe, kodi chikujambula chimenechi?”

Ndinawapempha abwereze. Anabwerezabwereza, mpaka kasitomala wina amene ankadikira anatuluka yekha.

Anandipezera kafoni kena kotsika mtengo ndi nambala yatsopano. “Nambala yanu yakale muiiwale,” anatero. “Mukakaitsitsimutsa n'kutsegula mauthenga pa foni ina, kumene kuja azima. Panopa dzina lanu lakale akuyendera mnzanuyo.”

Choncho ndinayamba kulembera nambala yanga yomwe. Pamwamba pake pankaoneka chithunzi changa chakale, ndili ndi Tamanda kumsana. Ndinalemba kuti, “Linesi, ndafika.” Kamzere kamodzi.

Ndinapita ku Nathenje. A Nambewe ndinawapeza pamalo pawo m'mbali mwa msewu, mayi wochepa thupi, wa maso ngati diso lija ndinkaliona pabowo. Anandigwira manja, anawatembenuza, anaona mmene anasendekera.

“Akenso ali chonchi?”

“Ali bwino, amayi. Anati ndikuuzeni kuti ndinamusiya ali bwino.”

Sanandikhulupirire, koma anandiyalira thumba kuti ndikhale. Ndinawaphunzitsa za timizere monga a Juma anaphunzitsira Dorofe. Kuyambira pamenepo ndinkapitako pafupipafupi, ndipo ndinkaonetsetsa kuti ndafika dzuwa lisanafike pamutu, poti nthawi yoyanika zovala kumeneko ndinkaidziwa. Tinkakhala awiri, malole akudutsa, foni ili pa chitenje pakati pathu. Kamzere kamodzi. A Juma ankathirabe bandulo mu simu imene sitinkadziwa ngati ilipo. Chimanga chinakhwima, anthu anakolola, kamzere kali kamodzi.

Ndinalankhula ndi anthu amene amathandiza atsikana otsekeredwa kunja. Anandifunsa dzina la msewu ndi nambala ya nyumba ya mabwana a Linesi. Ine amene ndinakhala m'nyumba yoyandikana nayo zaka zonsezo sindinkadziwa, poti geti ndinalidutsa polowa ndi potuluka basi. Anati Linesi akayatsa foni atumize pamene ali, ayambire pamenepo. Ndinamulembera zimenezonso, pansi pa mauthenga ena osafika.

Tsiku lina la msika, a Nambewe akupimira munthu tomato, ndinayang'ana pagalasi mwachizolowezi. Timizere tinali tiwiri. Uthenga uliwonse, kuyambira woyamba uja, timizere tiwiri.

“Amayi! Tiwiri!”

Anasiya kasitomala ali chiimire. Anatenga foni m'manja mwanga, anaiyandikitsa kumaso, ngakhale kuwerenga sadziwa. “Wanena chiyani? Wati chiyani mwana wanga?”

“Sananene kanthu. Koma wayatsa.”

Iwo anayamba kuthokoza Mulungu mokweza, amayi anzawo a tomato akubwera kudzaona. Ine sindinalowe nawo m'chisangalalocho. Panali chinthu chimene a Juma sanatiuze, chimene ndinachidziwa ndekha tsiku lija la dirowa. Timizere timanena kuti foni yayaka. Sitinena kuti layatsa ndi dzanja la ndani. Mwina ndi bwana uja wa mawu aukali waipeza pansi pa matiresi. Mwina akuwerenga mauthenga anga pompano, wina akumumasulira, Linesi atagwada pakona. Palibe yankho limene linkabwera. Ndinangoyang'ana mayi akuvina pafumbi.

Foni inalira m'manja mwa a Nambewe. Pagalasi panaoneka nkhope yanga, ndi Tamanda kumsana. Inalira kamodzi, n'kudula.

“Aa, wadula!” anatero. “Muimbireni, mwanangu, muimbireni msanga!”

Ndinawagwira dzanja chala chisanafike pagalasi. Ndinkaseka, misozi ikutsika.

“Ayi, amayi, osaimba. Ameneyo ndi Linesi. M'nyumba imene ija mulibe wina wodziwa kuflasha.”

Tinakhala pansi pa thumba lija, mitu pamodzi, tikuyang'ana foniyo. Sinalirenso, ndipo ine ndinathokoza Mulungu kuti sinalirenso.